Kalata kwa akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Tete: yezani tonse awiri, musayeze mayi yekha

Kwa Abwanamkubwa a chigawo cha Tete, kwa Mlembi wa Boma m'chigawochi, kwa onse oyendetsa ntchito zaumoyo m'maboma athu, ndi kwa Anduna a Zaumoyo ku Maputo,

Zikomo akuluakulu, ndabwera pamaso panu ndi ulemu wonse. Ndine mayi wa ku Angónia, mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ndasankha dala kulemba m'Chinyanja. Nkhani ndasenzayi imapweteka kwambiri anthu amene Chipwitikizi amangochimvera pa wailesi, choncho ndikufuna kuti mayi wa ku Domue, wa ku Tsangano, wa ku Furancungo kapena wa ku Chifunde, mwana wake akamuwerengera kalatayi pa foni, amve zonse popanda womasulira.

Ndikunena za matenda otengera kwa makolo, aja amene munthu amayenda nawo m'magazi ali bwinobwino, akulima, akusenza mtolo wa nkhuni, koma n'kukaonekera mwa mwana wake. Pempho langa ndi lakuti kuyeza magazi pofuna kudziwa matendawa kufike pafupi ndi ife. Koma ndikupempha ndi mantha, chifukwa kuyezako kukabwera molakwika, mayi amene mukufuna kumuthandizayo ndi amene adzapirikitsidwe pa banja.

Ndiyambe ndi sikoselo, chifukwa ndi imene ili m'nyumba mwanga. Mwana wa sikoselo amabadwa wooneka bwino, anthu odzaona khanda n'kumayamikira. Miyezi yoyambirira imadutsa popanda chovuta, poti magazi amene anabadwa nawo amakhala akumutetezabe. Akafika miyezi 5 kapena 6 magazi aja amayamba kusinthika, ndipo mavuto amayambira pomwepo. Timanja ndi timapazi timatupa, mukatigwira tili mototo, mwana amalira usiku wonse osalola ndi kuberekedwa komwe. Maso amachita chikasu, m'zikhatho mumayera, kapamba amakula. Chimene chikuchitika m'thupimo n'chakuti maselo ofiira a magazi, amene mwa munthu wina amakhala masiku pafupifupi 120, mwa mwanayu amauma, n'kupindika, n'kufa pa masiku 10 kapena 20 okha. Popindikapo amatsekanso timitsempha tating'ono, ndiye ululu wa m'mafupa uja umene mwana amafuula nawo. Kuzizira kumauputa ululuwo, ndipo inu mukudziwa mmene June ndi July amazizirira kuno kumtunda. Kutsika kumunsi, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, chimene chimauputa ndi kutentha kwa October kumene kumamaliza madzi m'thupi.

Mwanayo akakumana ndi wachipatala wodziwa, pa kadi pake pamalembedwa kuti anemia falciforme, dzina la sikoselo m'Chipwitikizi. Koma kumudzi mlandu umakhala utazengedwa kale. Mwana wotupa manja ndi mapazi ndiye kuti wasemphedwa. Agogo amaitanira mayi kuseri kwa nyumba n'kumufunsa kuti wayenda ndi yani, kapena kuti anathira mchere m'ndiwo nthawi yosayenera. Bambo naye amafunsidwako ndithu, chifukwa tsempho amati amabweranso ndi mwamuna woyendayenda. Mwana amatemeredwa mphini pamimba pomwe pali kapamba, amamwetsedwa zitsamba, nkhuku zimapita kwa sing'anga. Kenako mwana wachiwiri akayamba chimodzimodzi, bambo uja amachotsedwa pa mlandu, wonse n'kutsalira mkazi. Amati mimba yake ndi yoipa, kwawo kuli mfiti, anakwatira m'banja la magazi oipa.

Wanga woyamba anatisiya asanakwane zaka 3. Anathiridwa magazi kangapo, ndipo ulendo uliwonse tinkauzidwa kuti ndi malungo ndi kuchepa kwa magazi. Malungowo analipodi, sindikutsutsa. Chimene chimandiwawa n'chakuti panalibe amene anadabwa kuti bwanji mwana mmodzi yemweyu magazi akungomuthera. Wachiwiri atayamba kutupa timanja, alamu anga anatilangiza kuti tiwoloke malire, ndipo tsidya la Malawi ndi komwe anayeza mwana, n'kuyeza ine, n'kupemphanso kuyeza bambo ake. Mwamuna wanga anavomera. Dokotala anatikhazika pa benchi limodzi n'kutiuza kuti tonse awiri tili ndi mbewu ya matendawa, aliyense theka, ndipo mwana anatenga theka kwa ine, theka kwa bambo ake. Titabwerera, mwamuna wanga anakafotokozera yekha mayi ake. Apongozi anga, amene anali atasiya kudya nsima yophika ine, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anayamba kutchula ana a achemwali awo amene anamwalira ali aang'ono ndi chikasu m'maso. Banja langa liripo lero chifukwa pa pepala lija panali mayina awiri. Likanakhala ndi dzina langa lokha, bwenzi pano ndili kwathu.

Mwana sangadwale sikoselo atatengera kwa kholo limodzi lokha. Mfundo imeneyi ndi yaifupi, koma ikanamveka m'midzi mwathu mabanja ambiri sakanatha. Makolo onse awiri akakhala ndi mbewuyi, mimba iliyonse imakhala ngati kupisa dzanja m'kapu momwe muli nyemba 4, osayang'anamo. Nyemba imodzi ndi mwana wodwala, ziwiri ndi mwana wathanzi koma wonyamula mbewu ngati makolo ake, imodzi ndi mwana wopanda mbewuyo n'komwe. Mukatola, nyembayo mumaibwezera m'kapu, ndipo mimba yotsatira mupisanso mwa zinayi zomwezo. N'chifukwa chake banja lina limabereka ana 6 popanda wodwala, lina n'kubereka odwala atatu motsatizana. Ndafotokoza motalika chifukwa amayi ambiri amene anauzidwa mothamanga kuti "mmodzi mwa anayi" anamva kuti wodwala akabadwa, atatu otsatira ndi otetezeka. Ena amva kuti mwana wachinayi ndiye woopsa. Mayi akasankha za uchembere wake atamva molakwika chonchi, cholakwa si chake.

Wonyamula mbewu theka si wodwala, ndipo palibe tsoka limene makolo ake anaputa. Mu 1954 wofufuza wina dzina lake Anthony Allison, atayeza anthu kum'mawa kwa Africa, anaonetsa kuti amene ali ndi mbewuyi theka sagwidwa kwambiri ndi malungo akupha. Ndiye kuti m'madera a udzudzu ana otere ndi amene ankapulumuka, n'kukula, n'kubereka, mbewuyo n'kumafalikira. Chimene chinapulumutsa makolo athu ku malungo ndi chimene chikudwalitsa ena mwa ana athu. Ndikawauza amayi anzanga zimenezi nkhope zawo zimamasuka.

Kafukufuku wamkulu wa matenda pa dziko lonse anawerengera kuti mu 2021 ana oposa 500,000 anabadwa ndi sikoselo, ndipo pafupifupi 4 mwa 5 alionse anabadwira kuno ku Africa, kumwera kwa chipululu cha Sahara. Kumene kulibe kuyeza ndi chisamaliro, ambiri mwa ana amenewa samakwana zaka 5, ndipo amaikidwa m'manda ndi dzina la malungo kapena chibayo. Msonkhano wa mayiko wa bungwe la zaumoyo la WHO unagwirizana mu 2006 kuti maboma achitepo kanthu. Ife tikufuna chiwerengero chathuchathu, cha boma ndi boma, kuyambira ku Zumbo mpaka ku Mutarara. Njira yochipezera ilipo kale m'manja mwanu. Makanda obadwa kwa amayi amene ali ndi HIV amabayidwa pachidendene, timadontho ta magazi n'kuumikidwa pa kapepala kopita ku labotale. Ku Uganda anatenga timapepala totero ta ana pafupifupi 100,000 n'kutiyezanso sikoselo. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2016 zinasonyeza kuti ana 13 pa 100 alionse anali ndi mbewuyi theka, 7 pa 1,000 anali odwala, ndiponso kuti maboma ena anali ndi vuto lalikulu kuposa anzawo. Anadziwa koyambira. Masiku anonso kuli tizipangizo toyezera tofanana ndi ta malungo tija, monga HemoTypeSC ndi Sickle SCAN, timene timafuna kadontho ka magazi ndi mphindi zochepa, popanda magetsi. Namwino wa kusikelo akhoza kutigwiritsa ntchito ku chipatala chaching'ono cha kumudzi.

Tsopano ndifike pamene pagona mtima wa kalatayi. Ndimamva ena ophunzira akunena kuti amayi a kumudzi safuna kuyezedwa, amakhulupirira zaufiti, ndi osamva. Ine ndimakhala nawo amayiwa, timakumana ku mpingo, kuchigayo, pa mzere wodikira mankhwala, ndipo amene ali ndi ana odwala timadziwana. Sindinakumanepo ndi mayi woika mwana m'manda amene safuna kudziwa chimene chinamupha. Chimene amaopa ndi ulendo wobwerera kunyumba atanyamula yankho. Akafike akanene chiyani? Kwa ife amene tinatengedwa chitengwa ndipo ng'ombe zinaperekedwa, mkazi amadziwa kuti akhoza kubwezedwa, ana athanzi n'kutsala kuchimuna, iye n'kupita ndi wodwalayo. Kwa a chikamwini, mkamwini amangonyamula kathumba kake m'mamawa n'kukakwatira mudzi wina, kumene akapeza mkazi wopanda mbewuyi amabereka ana athanzi, anthu n'kumati taonani, vuto linali la mkazi uja. Koma mbewu ija ali nayobe, ndipo theka la ana akewo akhoza kuitenga.

Pa nkhani yobereka, amayi odziwa kale za magazi awo saganiza mofanana, ndipo ndikupemphani kuti musawaike m'thumba limodzi. Alipo amene anati basi, ndaona zokwana, n'kukaikitsa kolera ka pamkono kapena kutseketsa. Alipo amene akufuna kupisanso dzanja, chifukwa mwa ana awo mulibe wathanzi ndi mmodzi yemwe, ndipo amaganiza za amene adzawatungire madzi akadzakalamba, ndi amene adzasamale wodwalayo iwo atapita. Amenewa si opusa, awerengera bwinobwino. Alipo ofuna kulera koma mwamuna akukana, moti amabayitsa jakisoni mobisa, kadi n'kukasungitsa kwa mnzawo. Alipo atsikana amene anakula akugoneka mchimwene wawo m'chipatala, ndipo anatsimikiza mumtima kuti mnyamata aliyense wowafunsira ayambe wayezetsa. Ena mwa atsikana omwewa amaopa kuyezetsa okha, kuti mbiri ikamveka sadzafunsiridwa. Ine ndinasankha kulekera pa ana amene ndili nawo. Mnzanga wina anasankha kupitiriza, ndipo sindimuona ngati wolakwa. Chimene ndimakana n'chakuti wina, kaya wavala yunifomu yoyera, kaya kolala ya ubusa, kaya ndi mwini mbumba, asankhire mayi. Ndamvapo amayi akudandaula kuti anakalipiridwa pa sikelo kuti bwanji mwatenganso mimba mukudziwa. Mayi wokalipiridwa chotero mimba yotsatira sabweranso, amakachirira kwa azamba.

Zimene zimachitika mukayeza mkazi yekha tinaziona kale ndi HIV. Kuyambira pamene amayi oyembekezera anayamba kuyezedwa kusikelo, mkazi ndiye ankayamba kudziwa, ndipo ndiye ankatchedwa wobweretsa matenda m'nyumba. Inu nomwe munaona vutolo, n'kuyamba kupereka timakalata toitanira abambo. Phunziro limenelo lisatayike. Kwinanso zinachitikapo. M'mudzi wa Orchomenos ku Greece, kumene sikoselo inali yofala, madokotala anayeza anthu n'kuwalangiza kuti onyamula mbewu asakwatirane. Atabwerera patapita zaka, lipoti la 1974 linasonyeza kuti onyamula mbewu anayamba kusalidwa pa nkhani ya ukwati, mabanja n'kumabisa zotsatira, ndipo ana odwala anapitiriza kubadwa. Ku America m'zaka za m'ma 1970 anthu akuda athanzi lawo, ongonyamula mbewu theka, anamanidwa ntchito zina ndi inshuwalansi. Ku Nigeria kuli mipingo imene imafuna pepala la magazi ukwati usanadalitsidwe, ndipo ina imakana kumanga ukwati wa anthu awiri onyamula mbewu. Kumene kuli chikakamizo chotero, mapepala abodza sachedwa kuoneka. Ku Cyprus, pa matenda ena a magazi otchedwa thalassaemia, mpingo unayamba m'zaka za m'ma 1980 kufunsa kalata yongotsimikiza kuti awiriwo anayezedwa ndi kulangizidwa, chosankha n'kusiyira eni ake. Abusa athu ndi ansembe, ngati mudzafune kuthandiza, njira ya ku Cyprus ndiyo ya umunthu. Ankhoswe nawonso afunse ngati ana ayezetsa, koma zotsatira zake si za pa bwalo.

Pali matenda ena amene ndiyenera kuwatchula mosamala, chifukwa pa iwo mbewu imadzeradi mwa mayi. Himofiliya ndi matenda amene magazi sagwirana msanga, moti bala laling'ono, dzino lozuka kapena kugwa pamasewera kumatulutsa magazi osaleka, mawondo n'kumatupa. Amagwira kwambiri ana aamuna. Mayi wonyamula mbewuyi, mwana wake wamwamuna aliyense akhoza kudwala kapena ayi, mwayi wake ndi theka ndi theka, ndipo wamkazi aliyense akhoza kukhala wonyamula mwa muyeso womwewo. Apa ndiye pamafunika wachipatala wa pakamwa pofewa. Auze banja kuti mayiyo sanasankhe, kuti mwina anatengera kwa bambo ake omubereka, popeza mwamuna wodwala himofiliya amapatsira mbewuyi ana ake onse aakazi, ndiponso kuti pafupifupi mmodzi mwa odwala atatu alionse amabadwa nayo m'banja limene munalibe mbiri yake. Mfumukazi Victoria ya ku Britain inali yonyamula mbewu imeneyi, ndipo mwana wake Leopold anamwalira nayo mu 1884 atagwa. Nyumba yachifumu sinamuteteze, ndipo panalibe mfiti.

Ife Achewa tili ndi mwayi umene achipatala sanaugwiritse ntchito. Timawerenga mtundu kuchikazi, ndipo matendawa amayenda m'njira yomweyo. Mayi aliyense amadziwa za alongo ake ndi amalume ake. Namwino wa kusikelo atangofunsa kuti kodi alipo mlongo wanu kapena malume anu amene anataya magazi osaleka, akhoza kupeza banja lofunika kuyezedwa popanda kuwononga ndi metikali imodzi. Funso lomwelo lifunsidwe mnyamata asanalowe m'chipinda cha mdulidwe. Ndipo mayi wonyamula mbewuyi naye amatha kutaya magazi ambiri posamba ndi pochira, choncho ayenera kuchirira kumene kuli magazi osungidwa, mwana wake wamwamuna asakokedwe ndi zipangizo pobadwa ngati pali njira ina.

Za ana achialubino ndinena mwachidule, ngakhale kuti misozi yake ndi yambiri. Nayonso mbewu yake imachokera kwa makolo onse awiri, ngakhale onsewo ali akuda bii. Komabe mayi ndiye amanenedwa kuti anagona ndi mzungu kapena anaseka mwalubino ali ndi pakati, bambo n'kuthawa, mayi n'kutsala yekha kulondera mwana usiku poopa anthu oipa aja. Boma linakhazikitsa ndondomeko yoteteza anthu achialubino mu 2015. Muikemo mawu amodzi omveka, onenedwa tsiku lomwe mwana wabadwa, bambo ali pomwepo, akuti mwanayu watenga kwa nonse awiri.

Ena adzafunsa za kuyeza mwana ali m'mimba. N'zotheka. Madokotala amatenga kachidutswa ka nsengwa mimba ikakwana milungu pafupifupi 11, kapena timadzi ta m'chiberekero kuyambira milungu 15, n'kudziwa ngati mwanayo adzadwale. Zimafuna akatswiri ndi labotale yaikulu, ndipo kwa mayi wa ku Marávia amene chipatala chapafupi amachifika ndi njinga yakabaza, zili kutali kwambiri. Lamulo la dziko lathu, kuyambira pamene malamulo a milandu anasinthidwa mu 2014, limalola kuchotsa pakati m'chipatala chovomerezeka mpaka milungu 12 mayi akapempha, milungu 16 ngati anagwiriridwa, ndi milungu 24 ngati zaoneka kuti mwana adzabadwa ndi matenda aakulu osachizika. Amayi ambiri kuno sadziwa kuti lamulolo liripo, ndipo ali ndi ufulu wolidziwa. Ndinene zoona zanga. Ine sindikanachotsa, chikhulupiriro changa sichindilola, ndipo ndikamuyang'ana mwana wanga akupita kusukulu sindingathe kuganiza dziko lopanda iye. Amayi ambiri amene ndimacheza nawo amanena chimodzimodzi, koma ena mwa omwewo amati akanafuna kudziwiratu kuti akonzeke, akachirire ku chipatala chachikulu, mankhwala ayambe msanga. Ndipo alipo ochepa, amene anaika ana awiri kapena atatu, amene amanong'ona kuti akanachotsa. Sindingawaponye mwala, sindinagone m'nyumba zawo. Pempho langa n'lakuti tsiku limene kuyeza kotere kudzafike ku Tete, mayi asadzauzidwe kuti timuyeza pokhapokha walonjeza kuchotsa, ndiponso asadzamanidwe chifukwa woyezayo sakugwirizana ndi lamulo.

Chimene chimasintha maganizo a amayi pa kuyezedwa, kuposa ulaliki wonse, ndi kuona mwana wa sikoselo akukula. Mukayeza popanda mankhwala, mwangompatsa mayi chiweruzo. Koma mankhwalawo alipo, ndipo si odula. Kafukufuku wa 1986 ku America anasonyeza kuti penisilini womwa kawiri pa tsiku amachepetsa ndi 84 pa 100 matenda oopsa a m'magazi obwera ndi tizilombo ta chibayo mwa ana amenewa. Katemera wa chibayo tili naye m'dziko muno kuyambira 2013. Onjezani masikito, mankhwala oteteza ku malungo, mapiritsi owonjezera magazi a folic acid, ndi kuphunzitsa mayi kugwira pamimba kuti adziwe kapamba akakula mwadzidzidzi. Palinso hydroxyurea, kapisozi wa kamodzi pa tsiku, amene ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kupezeka. Anayesedwa pa ana pafupifupi 600 ku Angola, ku Congo, ku Kenya ndi ku Uganda, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2019 zinaonetsa kuti ululu, kuthiridwa magazi, malungo ndi imfa zonse zinachepa. Timamva kuti ku Britain ndi ku America anavomereza mu 2023 chithandizo chokonza mbewu yeniyeniyo, cha mtengo woposa madola 2 miliyoni munthu mmodzi. Ife sitikulota zimenezo. Tikupempha kapisozi, kuti tisamachite kuwoloka pa Calomue kapena pa Zóbuè ndi mwana wodwala kumsana, kusinthitsa metikali kukhala kwacha, pofuna mankhwala amene akanapezeka kwathu.

Mu August 2022 ku Lomé, nduna za zaumoyo za mayiko a mu Africa zinavomereza ndondomeko yotchedwa PEN-Plus, yoti matenda aakulu okhalitsa monga sikoselo, shuga ya ana ndi matenda a mtima azithandizidwa pa zipatala za m'maboma. Anansi athu a ku Neno, kungodumpha malire, anayamba kale ntchito yotere ndi anamwino ndi madokotala aang'ono ophunzitsidwa bwino. Dera lawo ndi lamapiri ndi misewu yovuta ngati lathu lomwe. Chigawo chimene chimatulutsa malasha a ku Moatize ndi magetsi a Cahora Bassa sichingalephere kachipinda kamodzi ndi namwino mmodzi wodziwa za matendawa pa chipatala chilichonse cha boma.

Atsikana amene anakula ndi sikoselo nawonso akufika pa msinkhu wokwatiwa, ndipo amangouzidwa mawu amodzi, akuti usadzayerekeze kutenga mimba, udzafa. Zoona n'zakuti mimba yawo ndi yoopsa kuposa ya ena, imafuna sikelo ya pafupipafupi, kuunikanso mankhwala amene akumwa asanaime, ndi kuchirira kumene kuli magazi. Koma ambiri amabereka ndithu, ndipo mwamuna akakhala wopanda mbewuyi ana awo sadwala. Auzeni zonse, za kulera ndi za kubereka, asankhe akudziwa.

Ofotokoza nkhanizi aphunzitsidwe kuzinena m'Chinyanja, m'Chinyungwe ndi m'Chisena. Tili ndi sukulu ya zaumoyo ya UniZambeze mumzinda wa Tete momwemo, tili ndi anamwino a amayi ndi ana, tili ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi, tili ndi Rádio Moçambique ndi mawailesi a m'madera amene amamveka mpaka kumadimba. Achinyamata ayezedwe mwa kufuna kwawo m'zipinda za SAAJ, zothandizira achinyamata m'zipatala, anyamata ndi atsikana mofanana, chibwenzi chisanafike pa ankhoswe, chifukwa nkhaniyi imapepuka ikadziwika mitima isanamangane. Zotsatira zinenedwe chitseko chili chotseka, zisalembedwe pachikuto cha kadi pamene aliyense pa mzere angawerenge. Ndipo mayi amene wapezeka ndi mbewu afunsidwe kaye ngati kunyumba kuli mtendere, ngati akufuna kuti wachipatala ndiye auze mwamuna wake, chifukwa lamulo la 2009 loletsa nkhanza kwa amayi silifika msanga kuseri kwa phiri usiku. Mwamuna akakana kubwera, mayi asabwezedwe, athandizidwe ndithu, koma pa pepala lake palembedwe momveka kuti mwana sadwala sikoselo popanda mbewu ya bambo. Mafumu athu ndi anyakwawa, mlandu wa mkazi wothamangitsidwa chifukwa cha mwana wodwala ukafika pa bwalo lanu, tumizani onse awiri kukayezetsa musanagamule.

Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 36, amati mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa lamulo, ndipo pa ndime 89 amati nzika iliyonse ili ndi ufulu wolandira chithandizo cha mankhwala. Ndikupempha kuti muyambire pa chipatala chachikulu cha Tete ndi cha ku Ulónguè: kuyeza makanda, kuyeza makolo onse awiri a mwana aliyense wothiridwa magazi kachiwiri, ndi kusunga penisilini ndi hydroxyurea osatha. Pa 19 June, tsiku limene dziko lonse limakumbukira sikoselo, mmodzi wa inu abwere pa wailesi m'chinenero chathu, atiuze kuti ana angati ayezedwa, angati apezeka, angati akumwa mankhwala, ndi boma liti limene likutsatira. Amayi amene tili ndi ana amenewa ndife okonzeka kukhala nanu pansi ndi kuyenda ndi anamwino m'midzi, mukangotiitana.

Ine wanu mwaulemu,
Mayi ndi mphunzitsi wa ku Angónia